Kodi Ndani Ali Ndi Chilolezo Chotiuza Zoti Tidye? Mbiri ya Malangizo a Kadyedwe Kuno Kwathu

 Lero tikamba mbiri. Nkhaniyi ndi yayitali ndithu, choncho khalani pansi bwinobwino, ndipo amene ali ndi foni awerengereko anzake.

Taganizani anthu amene amakuuzani zoti mudye pa mwezi umodzi wokha. Apongozi akuti musadye mazira muli ndi pakati, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Alangizi a zaumoyo kusikelo akuti idyani mazira. Mayi wa care group akuti muzithira nsinjiro m'phala. Mnyamata wa chimkuzamawu tsiku la msika akuti ufa wake wa m'botolo umathetsa shuga, BP ndi zilonda za m'mimba. Pa WhatsApp wina akudzitcha katswiri wa zakudya. Onsewa amalankhula molimba mtima. Ndiye mumafunsa kuti, kodi boma limangolola aliyense?

Yankho ndi lakuti malamulo athu anatseka makomo ena, koma khomo lina analisiya lotsegula dala. Pakhomo limenelo pamadutsa anthu amene apulumutsa ana ambiri m'dziko muno. Pamadutsanso anthu amene amangofuna ndalama zanu. Mukadziwa mmene khomoli linakhalira lotsegula, mudziwanso wowamvera ndi wowakana.

KALE KULIBE MAPEPALA

Kusanabwere chipatala, sukulu ya kadyedwe inali pamtondo, pamafuwa ndi kutsimba. Aphunzitsi ake anali amayi, agogo, anamkungwi ndi azamba. Panalibe wa satifiketi, koma nzeru zinalipo.

Tengani kalongonda. Nyemba imeneyi ili ndi ululu. Ukaiphika mothamanga, banja lonse limachita chizungulire, kusanza, ena mpaka kusokonekera mutu. Agogo athu a Chilomwe ankadziwa kuti imafunika kuwira nthawi yayitali, ukutaya madzi n'kuthira ena, mobwerezabwereza. Ankadziwanso bowa wodyedwa ndi wakupha, chinangwa chozuna ndi chowawa, kafutsidwe ka mfutso woti udzatithandize m'chilimwe. Nzeru zimenezi sizinachoke m'buku. Mabuku ndiwo anadzazitenga kwa iwo.

Koma tinene zoona, m'thumba lomwelo munalinso zina zimene zapweteka ana. Kuletsa mayi woyembekezera mazira. Kutaya mkaka woyamba wachikasu uja ati ndi woipa, pamene ndiwo chitetezo choyamba cha khanda. Kumwetsa mwana wa masiku ochepa madzi a zitsamba kapena kaphala kamadzimadzi. Kuona mwana watupa miyendo n'kunena kuti ndi tsempho, n'kuyamba kufufuza amene walakwa m'banja, mwana akuthera m'manja. Nzeru ndi zolakwika zinkayendera limodzi, ndipo panalibe wozisiyanitsa.

NTHAWI YA ATSAMUNDA: THANGATA NDI PHOSO

Azungu atatenga malo aakulu kuno ku Thyolo, makolo athu ambiri, makamaka Alomwe amene ankachokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anakhala pa malo a esiteti polipira ndi thangata. Bwana ankafuna anthu nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa pakhomo unkafuna khasu. Chakudya cha wantchito chinali phoso: ufa, nyemba ndi mchere. Amene ankagamula zoti munthu adye sanali dokotala kapena katswiri wa zakudya ayi, anali mwini esiteti ndi kapitawo wake.

Boma la atsamunda linaika lamulo la ufiti mu 1911. Lamuloli linaletsa mwavi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma silinaletse kuchiza ndi zitsamba. Silikanatha kutero, chifukwa madokotala a boma anali ochepa kwambiri ndipo ntchito yawo yoyamba inali kusamala azungu. Anthu akuda ankadalira asing'anga ndi zipatala za mishoni. Kuno kwathu mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, ndipo patapita zaka inadzakhala ndi chipatala ndi sukulu yophunzitsa othandiza madokotala.

Pankhani ya madokotala, lamulo linali lokhwima. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America, mu 1937. Komabe mapepala amenewo sanali okwanira kugwirira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain, mpaka anakaphunziranso ku Edinburgh n'kulandira ena mu 1941. Mukuona kusiyana kwake? Wofuna kugwira jakisoni ankafunsidwa mapepala kawiri. Wolangiza za phala la mwana sankafunsidwa ndi aliyense.

Kafukufuku woyamba wamkulu wa kadyedwe m'dziko muno anachitika mu 1938 ndi 1939, m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, motsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Ankayeza chakudya chimene mabanja ankadya, kuyeza anthu ndi kuona minda. Mmodzi mwa ofufuzawo, mayi Jessie Williamson, anadzalemba buku la Useful Plants of Nyasaland, lomwe linatuluka mu 1955. M'bukumo muli mayina a zomera m'zilankhulo zathu ndi kaphikidwe kake, zinthu zimene anaphunzira kwa anthu a m'midzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasokoneza ntchitoyi, ndipo zolemba zambiri za kafukufukuyo zinangosungidwa mpaka zinasindikizidwa mu 1992. Pamene njala ya 1949 inagwa kuno kumwera, mabanja ambiri anapulumukira zikhawo, zipatso ndi masamba a kutchire amene amayi ankawadziwa.

MAKHONSOLO ABADWA, KHOMO LINA LITSALA LOTSEGULA

Titalandira ufulu, boma linayamba kukonza za ziphaso. Mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lolemba m'kaundula anamwino ndi azamba a kuchipatala. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act, lomwe linabala bungwe la Medical Council of Malawi. Bungweli limalemba madokotala, madokotala a mano, ma clinical officer, ma medical assistant ndi ena ogwira ntchito zachipatala.

Chiphaso si pepala lokongoletsera khoma. Tanthauzo lake ndi lakuti munthuyu anaphunzira pa sukulu yodziwika, anayesedwa, dzina lake lili m'buku, ndipo akalakwitsa pali bwalo lomwe angaitanidwe, mwinanso kulandidwa chilolezocho. Ife anamwino timadziwa kuti mawu alionse amene tauza wodwala tingadzawayankhire.

Koma m'lamulo lomwelo la 1987 muli ndime imene anthu ambiri saidziwa. Ndimeyo imati lamuloli sililetsa munthu kuchiza m'njira za makolo a mu Africa, bola asachite chinthu choika moyo pachiswe. Ndiye kuti sing'anga safunika chiphaso cha Medical Council. Palibenso lamulo loletsa agogo kulangiza mdzukulu wawo kaphikidwe ka phala, kapena mayi kuuza mnzake kuti bonongwe amathandiza magazi.

N'chifukwa chiyani analisiya choncho? Zifukwa zake n'zomveka. Choyamba, chakudya ndi nkhani ya m'banja, boma silingaike wapolisi pamafuwa alionse. Chachiwiri, akatswiri kunalibe. Kumbukirani kuti sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Chisanafike chaka chimenecho, dokotala aliyense wa Chimalawi ankaphunzira kunja. Boma likanati wolangiza za chakudya akhale wa digiri yekha, mudzi ngati wathu uno ukanatha zaka makumi osamva uphungu uliwonse.

Si kuno kokha. Ku Britain dzina loti dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo, wosalembetsa sangalitchule pa iye yekha, koma dzina loti nutritionist aliyense atha kudzipatsa. Ku America zigawo zambiri zili ndi malamulo a ziphaso za akatswiri a kadyedwe, koma malamulowo amapatula magulu ena, monga anamwino, ogwira ntchito za boma zothandiza amayi ndi ana, ndi anthu ongopereka uphungu wamba. Kulikonse funso ndi limodzi: khomo likhale lotsegula mpaka pati?

ABWINO AMENE ANADUTSA PAKHOMOLI

Ambiri amene atukula kadyedwe ka ana m'Malawi analibe digiri. Agogo ena pano akukumbukira alangizi a chitukuko cha amayi a nthawi ya Kamuzu, amene ankaphunzitsa kusoka, ukhondo ndi zakudya za magulu atatu: zopatsa mphamvu, zokulitsa ndi zoteteza ku matenda. Likuni Phala, wa chimanga ndi soya, anatenga dzina ku mishoni ya Likuni ku Lilongwe komwe anayambira.

Alangizi a zaumoyo amene timawatcha ma HSA aja anachokera kwa anthu amene ankatemera nthomba, kenako kwa othandiza pa mliri wa kolera wa 1973. Maphunziro awo anali a masabata owerengeka, koma boma linawaonjezera ntchito pang'onopang'ono: katemera, sikelo, kuyeza mkono wa mwana, kuchiza malungo ndi kutsegula m'mimba pa chipatala cha m'mudzi. Cholinga cha boma ndi chakuti mlangizi mmodzi azisamala anthu 1,000.

Chiponde nachonso chili ndi mbiri yotere. Kale mwana wonyentchera kwambiri ankayenera kugonekedwa m'chipatala milungu yambiri, mayi atasiya munda ndi ana ena. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Dr Mark Manary ndi anzake ku Blantyre anayesa kupatsa amayi chiponde kuti azidyetsa ana kunyumba, ndipo mu 2002 ku Dowa kunayamba ndondomeko yochizira ana onyentchera m'midzi. Zinaoneka kuti mayi wosapita kusukulu, akalangizidwa bwino n'kumabwera kudzayezetsa mwana, amatha kuchiza mwana wake pakhomo. Lero njira imeneyi ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Mu 2004 boma linakhazikitsa nthambi yoona za kadyedwe, HIV ndi Edzi mu ofesi ya Pulezidenti, yomwe kwa zaka zingapo inkatsogoleredwa ndi Dr Mary Shawa. Mu 2011 Malawi analowa m'gulu la mayiko la Scaling Up Nutrition, ndipo uthenga wa masiku 1,000 oyamba a mwana, kuyambira pathupi mpaka zaka ziwiri, unafika m'midzi kudzera m'ma care group. Njira ya care group inayambira kwa anansi athu ku Mozambique m'zaka za m'ma 1990. Mayi mmodzi wodzipereka amayendera nyumba pafupifupi 10, kuphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Kodi zinathandiza? Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 37. Chiwerengerochi n'chokwerabe, ndipo zifukwa zotsikira zinali zambiri, koma amayi odzipereka ndi alangizi ali ndi gawo lawo.

Onetsetsani chinthu chimodzi apa. Mayi wa care group alibe chiphaso, koma sali yekha. Uthenga wake unalembedwa ndi akatswiri, pamwamba pake pali pulomota, pali HSA, pali chipatala. Akaona mwana watupa, satulutsa botolo m'chikwama, amakulozerani njira ya kuchipatala. Ndiye kuti ngakhale alibe pepala, ali ndi woyankhako.

ENA AMENE ANADUTSA PAKHOMO LOMWELO

Walira mvula walira matope. Khomo lotsegulira alangizi linatseguliranso amalonda.

Oyamba anali ogulitsa mkaka wa m'chitini. Mu 1939 Dr Cicely Williams, dokotala amene anafotokozera dziko za matenda otupikana a kwashiorkor atawaona ku Ghana, anadzudzula poyera ku Singapore makampani amene ankanyengerera amayi osauka kusiya bere. M'mayiko ena makampani ankaveka atsikana ogulitsa zovala zonga za anamwino. Mayi ankaona yunifolomu n'kukhulupirira. Kunyumba mkaka unkasungunulidwa ndi madzi a pachitsime, unkachepetsedwa kuti chitini chikhalitse, ndipo ana ankafa ndi kutsegula m'mimba. Mu 1981 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mkaka wotere kwa amayi, ndipo Malawi anadzaikanso malamulo ake pa nkhani yomweyi. N'chifukwa chake simuona chithunzi chotsatsa mkaka wa makanda pakhoma la chipatala.

Kenako kunabwera Edzi. Mu 1995 anthu ankhaninkhani anakhamukira kufupi ndi Liwonde, m'boma la Machinga, kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala ochiza Edzi. Anthu anawatcha mchape. Mabasi ndi malole ankadzaza, ophunzira ndi osaphunzira omwe ankaima pamzere ndi kapu. Tisawaseke, nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe choti n'kuwapatsa. Koma maliro sanaleke. Chimene chinadzasintha zinthu kuno ku Thyolo ndi ma ARV, amene bungwe la MSF pamodzi ndi chipatala cha boma anayamba kupereka mu 2003, ndipo boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. Apanso madokotala anali ochepa, ndiye ntchito zina anazipereka kwa anamwino, alangizi ndi anthu odzipereka ophunzitsidwa bwino. Anthu amene tinkawayesa apita anadzuka n'kubwerera kukathyola tiyi.

Ku Joni, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito, zinafika poipa. Nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkatamanda adyo, mandimu ndi beetroot uku ikukayikitsa anthu za ma ARV. Munthu wina wamalonda wa ku Germany, Matthias Rath, ankagawa mavitamini m'makomboni a ku Cape Town ngati mankhwala a Edzi, mpaka khoti linamuletsa mu 2008. Ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anawerengera kuti kuchedwa kupereka ma ARV kunaphetsa anthu oposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Adyo ndi mandimu si zoipa, ndi zakudya zabwino. Chimene chinapha anthu ndi kuika chakudya pamalo pa mankhwala. Dziwaninso kuti nduna ija ndi wamavitamini uja onse anali ndi maphunziro a udokotala. Choncho pepala lokha si umboni wokwanira, muzimvetseranso chimene munthuyo akunena.

Pozindikira zimenezi, boma lathu linachepetsako khomo. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limati kufalitsa bodza pa za matendawa, monga kunena kuti uli ndi mankhwala ochiziratu, ndi mlandu. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, lomwe lili ndi mphamvu yoyang'aniranso mankhwala azitsamba ogulitsa ndi mmene amatsatsidwira.

BWANJI OSANGOTSEKERATU?

Mwina mukuti, aletseni onse basi. Zimenezo zinayesedwapo pa azamba. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, pofuna kuti amayi onse azichilira kuchipatala. Amayi ambiri anayambadi kupita kuchipatala, zomwe ndi zabwino, ndipo mpaka pano uphungu wathu ndi womwewo: kachilireni kuchipatala. Koma kumadera akutali, kumene msewu umaduka dzinja, azamba ena anapitiriza mobisa, ndipo ntchito yobisa ilibe woiyang'anira. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichoke, azamba aphunzitsidwe. Patsogolo pake mafumu anadzalimbikitsanso malamulo a m'midzi oti mayi aliyense azichilira kuchipatala, azamba n'kukhala operekeza ndi olangiza.

Phunziro lake ndi ili: kuletsa kokha sikokwanira ngati sunaike china pamalopo. Ndipo pa chakudya n'kovutirapo, chifukwa mayi amachira kangapo pa moyo wake, koma amaphika tsiku lililonse.

AKATSWIRI AFIKA MOCHEDWA

Dietitian ndi munthu amene anaphunzira kuchiza pogwiritsa ntchito chakudya. Amawerengera zimene wodwala shuga, wodwala impso, wopsa ndi moto kapena wodyera m'chubu ayenera kulandira. Kwa zaka zambiri sukulu ya ku Bunda inkaphunzitsa za kadyedwe, koma osati ntchito ya m'chipatala imeneyi. Maphunziro oyamba a ma dietitian m'dziko muno anayamba mu 2016 ku LUANAR, mogwirizana ndi College of Medicine ndi yunivesite ya Tufts ya ku America. Omaliza oyamba anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Amalembetsa ku Medical Council of Malawi ngati ena onse ogwira ntchito zachipatala.

Taonani kutalika kwa ulendowu: kuchoka pa kafukufuku wa 1938 kufika 2016 ndi zaka 78. Akatswiriwa akadali ochepa, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queens ku Blantyre. Choncho kwa ife a ku Masambanjati, uphungu wa tsiku ndi tsiku upitirira kuchokera kwa namwino, kwa HSA, kwa mayi wa care group ndi kwa agogo. Khomo likhalabe lotsegula. Mlonda wake ndinu.

MALIRE ALI PATI?

Pali uphungu umene aliyense angakupatseni, ndipo ndi wabwino posatengera wanena ndani. Yamwitsani mwana bere lokha miyezi 6 yoyamba, osampatsa madzi, tiyi kapena phala, kenako pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Phala likhale la mgaiwa, lolimbako, lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja, masamba kapena kamafuta. Nandolo, nkhwani, kholowa, chisoso, mapeyala, nthochi ndi mapapaya zili pakhomo pathu pomwe. Gulani mchere wa ayodini. Mayi woyembekezera adye mazira, tsitsi la mwana silichoka ndi dzira. Ndipo poti tili kwawo kwa tiyi, dziwani kuti tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Amayi oyembekezera muzimwa patapita nthawi mutadya, ndipo tiyi si chakudya cha mwana wamng'ono.

Koma pali pena pamene chakudya chimasanduka mankhwala, ndipo pamenepo pamafunika munthu wophunzira amene angayankhe mlandu.

Mwana wotupa mapazi onse awiri, kapena amene tepi ya pamkono yafika pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, apite kuchipatala lero lomwe. Ngati akukana kudya kapena wafooka, thupi lake silingalandire chakudya champhamvu mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba ndi mkaka wapadera wa F-75, pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Kumukakamiza zakudya zolemera kunyumba kungamuphe. Chiponde chikaperekedwa, ndi mankhwala a mwana ameneyo, si chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pamsika.

Wodwala shuga amene akumwa mapiritsi kapena kubaya insulin, akauzidwa ndi munthu wamba kuti asale kudya kapena asiye nsima kotheratu, shuga angatsike mpaka kukomoka. Wodwala impso angauzidwe kuchipatala kuti achepetse nthochi ndi mapeyala, zipatso zomwezo zimene tikulimbikitsa ena onse, chifukwa impso zofooka zimalephera kutaya mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo ukachuluka umasokoneza mtima. Mukuona? Uphungu womwewo, kwa wina ndi moyo, kwa wina ndi ngozi. Wodziwa kusiyanitsa ndi amene wakuyezani magazi.

Amene muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a khunyu, idyani bwino, inde, koma palibe ufa, tiyi wa zitsamba kapena juwisi wolowa m'malo mwa mankhwala anu. Masamba a chamwamba ndi ndiwo zabwino. Akaikidwa m'kabotolo n'kukwezedwa mtengo, akadali ndiwo.

MAFUNSO OTI MUZIFUNSA

Safunsa anadya phula. Munthu akabwera ndi uphungu wa zakudya, kaya pakhomo, pamsika, kutchalitchi, pawailesi kapena pafoni, mufunseni kapena dzifunseni izi.

Kodi wamutuma ndani, ndipo zikavuta ndikamupeza kuti? HSA mumadziwa chipatala chake. Mayi wa care group amfumu amamudziwa. Wa chimkuzamawu mawa ali ku Luchenza, mkuja ku Bvumbwe.

Kodi uphungu wake ukuthera m'munda mwanga kapena m'chikwama mwake? Mlangizi weniweni amakuonetsani zimene muli nazo kale. Wamalonda amakuuzani kuti zanu n'zosakwanira.

Kodi akuti chinthu chimodzi chikuchiza matenda angati? Chikachiza shuga, khansa, kusabereka ndi Edzi nthawi imodzi, ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kodi akundiuza kuti ndisiye mankhwala, ndisiye kuyamwitsa, kapena ndisapite kuchipatala? Akatero, nkhani yathera pomwepo, ngakhale atavala gawuni yoyera. Kauzeni alangizi a zaumoyo kapena amfumu.

Akadzitcha dokotala, namwino kapena dietitian, muli ndi ufulu wofunsa ngati analembetsa ku khonsolo yake. Wolembetsa sakwiya ndi funso limeneli.

Mawu apadera kwa agogo ndi apongozi: palibe amene akukulandani udindo. Lamulo linakusiyirani malo, ndipo mbiri ikuchitira umboni kuti nzeru zanu zinadutsitsa mabanja m'njala. Mawu anu pakhomo amalemera kuposa athu, chifukwa ife timaona mwana kamodzi pamwezi, inu mumamuona tsiku lililonse. N'chifukwa chake tikukupemphani kuti muziperekeza apongozi anu kusikelo, mudzamve nokha zimene zasintha, za mazira, za mkaka woyamba, za kutupa kwa mapazi. Abambo, ndalama ya tiyi ikatuluka, musanagule botolo la pamsika, werengani kuti ndalama yomweyo ingagule mazira angati ndi usipa wa masiku angati.

Mwezi uno musaphonye sikelo, ndipo musaiwale buku la mwana. Ngati kunyumba kuli botolo kapena paketi imene munagula ndipo mukuikayikira, itengeni mudzatione nayo limodzi. Simudzakalipiridwa. Gawanani uthengawu ndi anzanu a kumpingo, a ku banki m'khonde ndi a kumunda wa tiyi.